Adapempha ambiri, nanga ogula adali kuti?

Pali mawu amene wamalonda aliyense adawamvapo: "Mukadakhala ndi chakuti, bwenzi ndikugula kwa inu tsiku ndi tsiku." Wagolosale amawamva, wachigayo amawamva, telala nayenso amawamva. Ena amangomwetulira n'kupitiriza ntchito yawo. Ena amakhulupirira, amakatenga ngongole n'kukapikula katunduyo, kenako amatha miyezi akumupukuta fumbi pashelefu, wopempha uja osaonekanso. Sabata ino ndikufuna tione kuti msampha womwewu umakolanso makampani akuluakulu opanga mapulogalamu a kompyuta. Ndikamba za kampani ya ku California, m'dziko la America, yotchedwa Borland. Makasitomala ake adaichonderera kuti isamutse chida chake chotchuka kuchoka pa Windows kupita pa Linux. Kampaniyo idamvera, idalemba anthu ntchito, idawononga ndalama, ndipo pasadathe zaka ziwiri chidacho chitatuluka, idasiya kuchikonza.

Tisadafike kumeneko, tiyambe tamvana pa mawu awiri, kuti amene sadakhalepo m'kalasi la kompyuta asatsalire.

Mawu oyamba ndi compiler. Kompyuta simva Chichewa, simvanso Chingerezi. Imamva malamulo olembedwa ndi manambala awiri okha, 0 ndi 1. Munthu kuti alembe pulogalamu yonse ndi manambala amenewa akhoza kuzungulira mutu, n'chifukwa chake akatswiri adapanga ziyankhulo zapadera zolembera mapulogalamu, monga Pascal, C ndi Java, zimene munthu angathe kuwerenga. Compiler ndi pulogalamu imene imatenga zimene munthu walemba m'chiyankhulo chotere n'kuzitembenuza kukhala manambala amene makina amamva. Ntchito yake ikufanana ndi ya womasulira m'khoti. Popanda iye, woweruza ndi mboni amangoyang'anana.

Mawu achiwiri ndi operating system. Iyi ndi pulogalamu yaikulu imene imalamulira kompyuta yonse, monga Windows, Linux, macOS, kapena Android ya m'mafoni athuwa. Ili ngati nyakwawa pamudzi. Pulogalamu ina iliyonse ikafuna malo osungira fayilo, ikafuna kulemba pa sikirini, ikafuna kutumiza pepala ku printer, imayenera kukagwada kwa nyakwawayo ndi kupempha motsata mwambo wa pamudzipo. Vuto ndi lakuti mudzi uliwonse uli ndi mwambo wake. Pempho limene Windows imalimva bwinobwino, Linux silimva ngakhale pang'ono. Choncho compiler yopangidwira Windows imatulutsa mapulogalamu odziwa mwambo wa Windows basi. Kuti igwire ntchito pa Linux, pamafunika kuisamutsa, ndipo kusamutsako ndiye mutu wa nkhani yathu.

Chiyankhulo cha Pascal adachipanga ndi mphunzitsi mnzathu, Niklaus Wirth wa ku Switzerland, m'chaka cha 1970, ndipo cholinga chake chachikulu chidali chophunzitsira ana a sukulu kulemba mapulogalamu mwadongosolo. M'chaka cha 1983 kampani ya Borland, motsogozedwa ndi Philippe Kahn, idatulutsa compiler yotchedwa Turbo Pascal, imene maziko ake adalemba ndi mnyamata wa ku Denmark, Anders Hejlsberg. Idali yothamanga kwambiri ndipo idagulitsidwa pa madola 49.95, pamene zida zina zotere zimagulidwa madola mazanamazana. Ophunzira ndi amalonda ang'onoang'ono adaithamangira. M'chaka cha 1995 Borland idatulutsa Delphi, mwana wa Turbo Pascal wopangidwira Windows. Ndi Delphi munthu amangokoka batani ndi mbewa ya kompyuta n'kuliika pomwe akulifuna, n'kulemba mizere ingapo ya Pascal, pulogalamu yosungira maakaunti a sitolo n'kukhala yatheka. Anthu ambiri padziko lapansi adapeza chakudya ndi Delphi, ndipo adaikonda monga mmisiri amakondera sowo yake.

Nthawi yomweyo n'kuti Linux ikukula. Adaiyamba ndi wophunzira wa ku Finland, Linus Torvalds, m'chaka cha 1991, ndipo idali yaulere, yololeza aliyense kuona m'kati mwake ndi kuikonza. Pofika 1999 dzina lake lidali pakamwa pa aliyense wodziwa za makompyuta. Mu Ogasiti chaka chimenecho kampani ya Red Hat, yogulitsa Linux, idalowa pamsika wa masheya ndipo mtengo wa masheya ake udakwera modabwitsa. Ambiri amati masiku a Windows atha. Ogwiritsa ntchito Delphi adayamba kuda nkhawa kuti dziko likasamukira ku Linux, luso lawo lonse lidzatsala kumudzi wakale. Adayamba kulira kwa Borland kuti ibweretse Delphi pa Linux.

Kampaniyo, imene panthawiyo inkadzitcha Inprise, siidachite zinthu mwachimbulimbuli. M'chaka cha 1999 idachita kafukufuku pa intaneti kufunsa olemba mapulogalamu ngati akufunadi zida zake pa Linux. Adayankha anthu oposa 20,000, ndipo ambiri adati inde, tikufuna. Bwana aliyense ataona chiwerengero chotere angamve kukoma m'khutu. Mu Sepitembala chaka chomwecho kampani idalengeza kuti ntchito yayambika, ndipo chida chatsopanocho adachipatsa dzina lakuti Kylix, dzina la chikho chomwera vinyo cha Agiriki akale.

Apa ndi pamene anthu ambiri opempha samvetsa. Iwo amaganiza kuti kusamutsa pulogalamu kuli ngati kusamutsa nyimbo kuchoka pa foni ina kupita pa ina. Taonani pang'ono chabe zimene amisiri a Borland adakumana nazo. Fayilo ya pulogalamu imene Windows imaitsegula ili ndi kamangidwe kake kotchedwa PE, pamene Linux imafuna kamangidwe kena kotchedwa ELF, ndiye gawo la compiler lomanga fayiloyo lidayenera kukonzedwanso. Pa Windows, fayilo yotchedwa Malipiro ndi yotchedwa malipiro ndi imodzi, koma pa Linux ndi mafayilo awiri osiyana, chifukwa Linux imasiyanitsa zilembo zazikulu ndi zazing'ono. Windows imatchula malo osungira zinthu ndi zilembo monga C ndi D, Linux ilibe zimenezo. Windows ili ndi kaundula wamkulu momwe mapulogalamu amasungamo zosankha zawo, Linux ilibe kaundula wotero. Chilichonse mwa izi ndi chaching'ono, koma chimapezeka malo zikwizikwi m'pulogalamu yaikulu.

Chovuta koposa chidali mabatani, mawindo ndi mabokosi olembamo aja amene adatchukitsa Delphi. Onsewo adali obwereka kwa Windows. Delphi inkangowaveka chovala cha Pascal. Pa Linux kudalibe mabatani amenewo. Borland idayenera kumanga gulu lina latsopano la zida zimenezi, lotchedwa CLX, pamwamba pa Qt, chida cha kampani ya ku Norway yotchedwa Trolltech. Izi zidatanthauza kuti munthu amene adali ndi pulogalamu yake ya Delphi sakadangoitenga n'kuiponya mu Kylix. Adayenera kukhala pansi n'kusintha zambiri, ndipo zida zina zoonjezera zimene adagula kwa makampani ena kuti azigwiritsa ntchito mu Delphi zidalibe anzake a pa Linux. Malo olembera mapulogalamu enieniwo, amene mmisiri amakhala akuwayang'ana tsiku lonse, Borland siidawalembenso kuyambira pachiyambi. Idawayendetsa mothandizidwa ndi Wine, pulogalamu imene imanamizira kukhala Windows pa Linux. Njirayi idafupikitsa ntchito, koma ogwiritsa ntchito ambiri adadandaula kuti chidacho chinkachedwa ndiponso chinkagwa.

Pamwamba pa zonsezi, Linux si imodzi. Pali ya Red Hat, padali ya SuSE ndi ya Mandrake, pali ya Debian ndi zina zambiri, iliyonse ikusintha zam'kati mwake panthawi yake. Chida chimene chikuyenda bwino lero chikhoza kukana kudzuka mawa chifukwa eni Linux asintha gawo lina limene chidacho chimatsamira. Ndiye kuti ntchito siithera tsiku losamuka. Pamafunika anthu olipidwa mwezi ndi mwezi oti aziyesa, azikonza, aziyankha madandaulo ndi kulemba mabuku a malangizo. Akuluakulu adati walira mvula walira matope. Wopempha chida pa operating system yachiwiri wapemphanso malipiro a anthu ochisamalira kwa zaka zonse zimene chidacho chidzakhale moyo, kaya iye akudziwa kapena ayi.

Kylix yoyamba idatuluka kumayambiriro kwa 2001. Mtengo wake udali madola 999 ya olemba mapulogalamu wamba ndi madola 1,999 ya olemba mapulogalamu a makompyuta akuluakulu a m'makampani. Patangopita miyezi yochepa kampani idatsitsa kwambiri mtengo wa yotsika ija, ndipo idatulutsanso ina yaulere ya anthu ovomera kugawa poyera mapulogalamu amene apanga. Wamalonda akayamba kutsitsa mtengo katundu akadali watsopano, mumadziwa kuti pakhomo la sitolo palibe mzere. Kylix 2 idatuluka chakumapeto kwa 2001, Kylix 3 idatuluka mu 2002 itaonjezera chiyankhulo cha C++. Yachinayi siidabwere. Borland idatembenukira ku .NET ya Microsoft ndi malonda ena, Kylix n'kusiyidwa ngati nyumba yofika pawindo, udzu ukumera m'kati.

Nanga anthu oposa 20,000 aja adapita kuti? Mmene ndikuonera ine, adali magulu atatu amene pa pepala la kafukufuku amaoneka ngati gulu limodzi. Gulu loyamba lidali la okonda Linux. Awa amasangalala kampani iliyonse yotchuka ikabwera ku Linux chifukwa zimakweza dzina la mudzi wawo, koma iwo adali kale ndi compiler yawo yaulere, GCC, imene Richard Stallman adaitulutsa mu 1987. Munthu amene ali ndi chitsime pakhomo sagula madzi a m'botolo pa madola 999. Gulu lachiwiri lidali la amisiri a Delphi amene ankafuna Kylix ngati inshuwalansi. Makasitomala awo, masitolo, zipatala ndi maofesi, adali akadali pa Windows ndipo sadasamuke. Amisiriwa ankangofuna kudziwa kuti khomo lothawira lilipo moto ukabuka. Moto sudabuke, khomolo sadalitsegule. Gulu lachitatu, laling'ono, lidali la anthu amene adalidi ndi ntchito yoti aichite pa Linux ndi ndalama m'thumba. Awa adagula, koma sadakwane kulipira amisiri onse ofunika kusamalira chidacho.

Kuyankha kafukufuku pa intaneti kumatenga mphindi zochepa ndipo sikudula tambala. Funso lakuti "kodi mungakonde" pafupifupi aliyense amayankha kuti inde. Mutafunsa kalasi la Fomu 3 ngati lingakonde makalasi oonjezera a masamu Loweruka m'mawa, manja onse akwera. Loweruka likafika mudzawerenga mitu ndi zala za dzanja limodzi. Anawo sadaname, panthawi imene amakweza manja amafunadi. Kungoti kufuna kwa Lachiwiri masana ndi kudzuka kwa Loweruka m'mawa ndi zinthu ziwiri.

Komabe tisaponye mlandu wonse kwa opempha. Borland nayonso ili ndi mbali yake. Idaiwala chimene chidaikweza mu 1983, chida chabwino pamtengo woti wophunzira akwanitse, n'kupita kumsika wa anthu ozolowera zaulere ndi mtengo wa madola pafupifupi chikwi. Idatulutsa chida chimene ambiri amachiona ngati chosapsa. Idafikanso panthawi yoipa, chifukwa m'zaka za 2000 ndi 2001 makampani ambiri a intaneti ku America adagwa ndipo ndalama zogulira zida zatsopano zidauma. Koma cholakwa chachikulu chidagwera gulu lachitatu lija. Tangoganizani munthu amene adakhulupirira lonjezo, adalipira, adatha chaka akulemba pulogalamu ya kampani yake ndi Kylix, kenako n'kuona Linux ikusintha chaka ndi chaka pamene chida chake chaima pamodzimodzi, mpaka kufika poti kuchiika pa kompyuta yatsopano n'kovuta. Kwa munthu ameneyu kukadakhala bwino Borland ikadakana poyamba pomwe. Akadapeza njira ina nthawi ikadalipo. Kuvomera pempho limene sudzatha kulisamalira kumapweteka kwambiri munthu amene adakukhulupirira koposa onse.

Chochititsa chidwi ndi chakuti Pascal idafikabe pa Linux, koma kudzera njira ina. Cha m'ma 1993, zitadziwika kuti Borland siipitiriza Pascal ya DOS, operating system yakale imene idalipo Windows isadatchuke, wophunzira wa ku Germany, Florian Klämpfl, adayamba kulemba compiler yakeyake ya Pascal. Anthu ena odzipereka adamujowina, ndipo ntchitoyo idadzatchedwa Free Pascal. M'chaka cha 1999 gulu lina lidayamba kumanga Lazarus, malo olembera mapulogalamu ofanana ndi Delphi koma okhala pamwamba pa Free Pascal. Dzinali adalitenga kwa Lazaro wa m'Baibulo, chifukwa adali kuukitsa ntchito ina imene idafa. Adayenda pang'onopang'ono, moti Lazarus 1.0 idatuluka mu 2012, patatha zaka 13. Koma lero Free Pascal ndi Lazarus zimagwira ntchito pa Windows, pa Linux, pa macOS, ngakhale pa kakompyuta kotchipa kaja ka Raspberry Pi, ndipo n'zaulere.

N'chifukwa chiyani anthu odzipereka adakwanitsa chimene kampani ya ndalama idalephera? Chifukwa kumeneko wopempha ndi wogwira ntchito amakhala munthu mmodzi. Amene akufuna kuti Free Pascal iyende pa makina akutiakuti amavula jekete n'kuyamba kuisamutsa yekha, kapena amayesa zimene anzake alemba n'kunena pomwe pakuvuta. Kufuna kwake kumayezedwa ndi maola amene wapereka. Gawo limene palibe wolisamalira limafota lokha popanda amene adalipira kuti adandaule. Mudzi umene wakumba wokha chitsime suvutika kupeza woti achotsemo matope.

Delphi yeniyeniyo idadzabwerera ku Linux, koma mochedwa ndiponso mosamala. Borland idagulitsa zida zake zolembera mapulogalamu ku kampani ya Embarcadero mu 2008. Mu Malichi 2017, patatha zaka 15 chitulukire Kylix 3, Embarcadero idatulutsa Delphi 10.2 yokhala ndi compiler ya Linux. Taonani kusiyana kwake. Sadayesenso kusamutsa chilichonse. Malo olembera adatsala pa Windows, ndipo mmisiri amalemba ali pa Windows, compiler n'kumutulutsira pulogalamu yokayenda pa Linux. Poyamba adalunjika pa mapulogalamu a ma server, makompyuta aja amene amakhala m'zipinda zozizira akutumikira makompyuta ena, chifukwa kumeneko ndiye kumene Linux idapambanadi. Ndipo adaika compiler imeneyi m'magulu odula a Delphi, ogulidwa ndi makampani. Adasankha gawo limene lidali ndi olipira, n'kusiya limene lidali ndi owomba m'manja.

Microsoft nayo idayenda njira yofanana. Mu 2001 mkulu wake, Steve Ballmer, adafanizira Linux ndi khansa. Kwa zaka zambiri anthu ankapempha kuti chiyankhulo cha C# ndi .NET zibwere pa Linux, kampani osalabadira, pamene Miguel de Icaza wa ku Mexico ndi anzake adali atayamba kale kupanga yawoyawo yotchedwa Mono. Koma mu Juni 2016 Microsoft yomweyo idatulutsa .NET Core 1.0 yoyenda pa Windows, pa Linux ndi pa macOS. Chidasintha n'chiyani? Panthawiyi Microsoft idali itayamba malonda obwereketsa makompyuta kudzera pa intaneti, otchedwa Azure, ndipo makasitomala ambiri olipira mwezi ndi mwezi amafuna kuyendetsa Linux pa makompyutawo. Mapempho a zaka 15 adamveka tsiku limene adabwera atanyamula chikwama. Chodabwitsa china n'chakuti C# adaitsogolera kupanga ndi Anders Hejlsberg yemwe uja wa Turbo Pascal, amene adachoka ku Borland kupita ku Microsoft mu 1996.

Wina afunsa kuti nkhani ya ku California ikutikhudza bwanji ife kuno. Ikutikhudza pawiri. Poyamba, achinyamata athu ambiri amene aphunzira za makompyuta sakupeza ntchito yolembedwa, ndiye akudzilemba okha, kupanga mapulogalamu a masitolo, a sukulu zoyima pazokha, a magulu osunga ndi kubwereketsa ndalama. Mnyamata kapena mtsikana wotere akapanga pulogalamu yake ya pa Windows, sipatenga sabata wina asadamuuze kuti, "Ikadakhala pa foni ndikadagula." Akaisamutsira pa Android, wina amati, "Nanga ya iPhone?" Iye ali yekha, laputopu imodzi, magetsi ozimazima, bandulo ya intaneti yogula ndi ndalama ya ndiwo. Borland idali ndi amisiri ambirimbiri koma idagwa nayo. Kwa inu achinyamata, malangizo anga ndi awa. Wopempha mufunseni kuti ntchito imene akufuna kuichita pa makina enawo ndi yotani, ndipo pakadali pano akuichita bwanji. Ngati alibe yankho, ndi wa gulu loyamba kapena lachiwiri lija. Ngati ali nalo, mutchulireni mtengo n'kumupempha chikole. Telala sadula nsalu ya suti asadalandire kanthu, ndipo palibe amene amamunena kuti ndi wamwano. Powerengera mtengowo muikemo ndi zaka zosamalira, chifukwa Android nayonso imasintha chaka ndi chaka. Mukaona kuti simukwanitsa, kanani mwaulemu. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi adagwa chagada.

Kachiwiri, ikutikhudza ife aphunzitsi ndi oyendetsa sukulu. Makompyuta ambiri a m'sukulu zakumudzi ndi olandira, akale, amene eni ake kunja adatopa nawo. Microsoft idaika 14 Okutobala 2025 kukhala tsiku losiya kusamalira Windows 10 mwa nthawi zonse, ndipo makompyuta ambiri akale alibe zofunika kuti alandire Windows 11. Njira imodzi yowapatsira moyo wina ndi kuikamo Linux, imene mitundu yake ina imayenda bwino pa makina ofooka. Koma tsiku limene mwaika Linux ndi tsiku limene mumazindikira ngati chida chimene mumaphunzitsira ana kulemba mapulogalamu chili ndi mnzake kumeneko kapena ayi. Sukulu ya kumudzi kuno ilibe mawu ku likulu la kampani ya ku America. Tikhoza kulemba makalata zana, sitili pagulu la olipira. Chitetezo chathu ndi kusankha kuyambira pachiyambi zida zimene zili kale pa ma operating system angapo ndipo sizidalira chifundo cha kampani imodzi, monga Free Pascal ndi Lazarus, Python kapena GCC. Mwana amene waphunzira pa zida zimenezi akapeza Windows alemba, akapeza Linux alemba, ndipo luso lake silitha tsiku limene bwana wina kutsidya la nyanja wasintha maganizo.

Pali mfundo ina imene ndiyenera kuivomereza, yakuti si chilichonse chofunika chimene chili ndi wolipira. Kampani ikamamvera okhawo a chikwama, osauka adzakhala akutsalira nthawi zonse, ndipo ife tili m'gulu limenelo. N'zoona. Koma yankho lake si kuumiriza wamalonda kuti atipangire chinthu chimene adzachitaye pakatha zaka ziwiri. Nkhani ya Lazarus ikutionetsa kuti pali ndalama ina imene wosauka angalipire, ndiyo nthawi ndi luso. Wophunzira wa pa yunivesite ku Zomba, ku Blantyre, ku Thyolo kapena ku Mzuzu akhoza kuyesa pulogalamu yaulere pa kompyuta yakale n'kulembera eni ake pomwe ikulakwitsa. Akhoza kumasulira malangizo ake m'Chichewa. Akhoza kukonza kachilema kamodzi n'kutumiza. M'magulu amenewa munthu amamveka malinga ndi zimene wabweretsa, ndipo sipafunika viza.

Khalidwe lopempha popanda kuwerengera matope tili nalo ngakhale kunja kwa makompyuta. Timapempha mjigo, ukabwera komiti yotolera ndalama zogulira zipangizo imatha miyezi itatu, mjigo ukathyoka timabwerera kudambo n'kumadandaula kuti atitaya. Timapempha chipinda cha makompyuta pasukulu, koma pamsonkhano wa makolo nkhani ya malipiro a mlonda ndi ndalama za magetsi ikafika, aliyense amayang'ana pansi. Amisiri a Delphi a mu 1999 sadali anthu oipa, ndipo ifenso si oipa. Kungoti kukweza dzanja n'kopepuka.

Choncho nthawi ina mukadzafuna kuuza wopanga chinthu kuti achibweretse kumene inu muli, kaya ndi kampani yaikulu kaya ndi mwana wa mnansi wanu amene akuyesa mwayi ndi laputopu yake, muyambe mwadzifunsa kuti chikabwera mudzaikapo chiyani, ndalama, nthawi kapena manja anu. Ngati yankho lilipo, pemphani molimba mtima ndipo mutchule chimene mwakonzeka kupereka. Ngati palibe, muuzeni zoona kuti mukungolakalaka, kuti iye asakatenge ngongole chifukwa cha mawu anu.